Mpweya wa M'garafa

Mkazi wanga, amene tsopano anagona kuseri kwa tchalitchi, anali ndi mlongo mmodzi yekha. Mayi awo atamwalira, iye ndiye anamulera, kumubereka kumsana asanathe n'komwe msinkhu. Mwanayo anakula wokonda madzi. Ife a kuno kuphiri madzi timawadziwa ofika m'mawondo, koma iye ankamira m'dziwe la mu Muloza mpaka anzake kuyamba kulira, kenako n'kutulukira tsidya la Malawi akuseka. Atakula anakana kuthyola tiyi, napita ku Kelimane kukagwira ntchito padoko.

Kumeneko anayamba ndi kugwirira chingwe Azungu amene ankalowa pansi pa sitima kukakonza zowonongeka. Ufulu utabwera Azunguwo ananyamuka, koma sitima sizinasiye kubwera, ndipo mawaya sanasiye kukola zitsulo zake zapansi. Wogwira chingwe uja anangovala yekha zovala zamphira zija n'kulowa.

Anabwera kudzationa nyengo ya mango, phiri la Tumbine litafunda nkhungu mpaka m'chiuno. Ine masiku amenewo ndinkakhoma mabokosi a tiyi kufakitale, ndipo ndinam'peza madzulo atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, mlongo wake akumufunsa mafunso ngati wapolisi.

"Ndiye pansipo umapuma chiyani, iwe? Wasanduka mlamba?"

"Mpweya, mana," anayankha, poti ndi mmene ankaitanira mlongo wakeyo. "Timaupopera m'garafa yachitsulo, yonga botolo lalikulu, n'kuibereka kumsana monga munkandiberekera ine. Kusiyana kwake n'kwakuti iyo sikodzera munthu."

"Mpweya m'garafa ngati palafini? Bodza umalitha."

"Alamu, tawauzani akazi anuwa kuti dziko silinathere ku Mokuba."

Ine ndinangoseka. Pa anthu awiriwa ndinkakhala ngati munthu woothera moto wa eni ake, ndipo zinkandikwanira.

Ataona kuti mlongo wake sakukhulupirira, anakamasula chingwe cha mbuzi, nadzimanga nacho m'chiuno ndi mfundo yamtundu wina, yosathina koma yosamasuka. Nsonga inayo anapatsa mkazi wanga. Anati wam'mwamba akakoka kamodzi ndiye kuti akufunsa, "Uli bwino?" Wapansi akakoka kamodzi ndiye kuti wayankha, "Ndili bwino." Akakoka mobwerezabwereza ndiye kuti, "Ndikokeni." Kenako analowa m'nthochi zathu za kuseri, akuyenda pang'onopang'ono, akukweza mawondo, manja akupalasa mphepo, mpaka masamba anam'bisa. Mkazi wanga, mayi wa ana, anaima pabwalo ndi chingwe cha mbuzi m'manja, nakoka kamodzi. Chingwe chinayankha. Anaseka mpaka kapulana, nsalu yake ya m'chiuno, inam'masuka. Anakokanso, chinayankhanso. Anasewera choncho mpaka nkhuku zinalowa, ndipo asanagone anam'kakamiza kuti amuphunzitse mfundo ija.

M'mawa mwake, tikum'perekeza kokwerera, mlongo wake anadandaula kuti amabwera mwa apo ndi apo.

"Vuto ndi machimbombo, mabasi athuwa, mana, mafuta kulibe. Koma tsiku lina ndidzabwera wapansi, pansi pa madzi. Ndidzalowa Zambezi, n'kukhotera mu Shire, n'kukwera Ruo, n'kudzatulukira pamwala wanu wochapira uja mu Muloza. Mukadzaona thovu likubwera chokwera, mudzadziwe kuti alendo afika. Mudzatereke madzi."

"Ng'ona zidzakudya usanafike pakati."

"Ng'ona sizidya kamarada. Zinapita kumsonkhano, zinamva."

Tinaseka tonse. Mawu amenewo ndinawaiwala tisanafike kunyumba. Sindinadziwe kuti mnzanga anawapinda bwinobwino n'kuwasunga.

Uthenga unabwera mvula itatha. Anaubweretsa munthu wamtali wa ku Kelimane, amene ankagwirira mlamu wanga chingwe. Chinyanja sankachidziwa, choncho ankalankhula Chipwitikizi, ine n'kumatanthauzira abale amene anasonkhana pakhonde. Koma liwu lenilenilo silinasowe womasulira. Anati, "Desapareceu." Wasowa.

Liwu limeneli tinkalidziwa tonse zaka zimenezo. Anthu ankasowa. Galimoto inkabwera, munthu n'kukwezedwa kuti akaphunzitsidwenso kunkhalango, abale osauzidwa kuti ndi kuti. Ena sankabwerera. Koma ena ankabwerera ndithu, owonda, osalankhula, n'kukhalanso pampando wawo wakale. Choncho kusowa, m'makutu mwathu, sikunali kufa. Chinali chitseko chongoyedzamiritsa.

Munthuyo anafotokoza kuti mlamu wanga analowa pansi pa sitima kukachotsa waya. Madzi anatembenuka ali komweko. Chingwe chinakodwa ku zitsulo zakale zapansi, kenako chinapepuka, ndipo atakoka chinabwera chokha. Anafufuza ndi mabwato mpaka kunyanja, osapeza kanthu. Atatero anatulutsa m'thumba malaya awiri, kolona, ndi chingwe chija chitakulungidwa, chikununkha mchere.

Mkazi wanga sanalire. Anatenga chingwecho, nafufuza nsonga yake, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Afunseni. Chinaduka?"

Ndinafunsa. Anati sichinaduke.

"Chinadulidwa ndi mpeni?"

Anati ayi. Anati mwini wake anamasula, mwina pofuna kudzipulumutsa pomwe chinakodwa.

"Mwamva nonse," anatero mkazi wanga. "Anamasula yekha. Munthu wakufa samasula mfundo."

Kwathu kuno, munthu akamwalira thupi lake osaoneka, timadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga ngati munthu, n'kuliika m'manda. Timatero kuti misozi ipeze pogwera, abale amete, ndipo mzimu udziwe kwawo. Amalume ake a mkazi wanga ananena zimenezi mlendo atangochoka. Koma m'banja limenelo mkazi wanga ndiye anali mayi wamkulu, ndipo maliro a mlongo wake sakanayamba iye asanayambe kulira.

"Nthochi ikhale nthochi, malume," anatero. "Munthu ali ndi mpweya kumsana, inu mufuna kum'kwirira?"

Ansembe anali atachoka kumishoni nthawi imeneyo, ndipo tinkapemphera ochepa pansi pa mtengo wa mango, ine ndikutsogolera. Tikafika potchula amene anatisiya, mkazi wanga ankandiyang'ana, ine n'kudumpha dzina la mlamu wanga. Sindinkalitchulanso pakati pa odwala kapena apaulendo. Linangotsala m'kamwa mwanga, lopanda pokhala.

Kenako anayamba kupita kumtsinje. Chitsime tinali nacho pafupi, koma iye m'mawa uliwonse ankasenza beseni la zovala kupita ku Muloza, pamwala uja. Zovala zakuda zikatha ankatenga zoyera. Malaya anga anayamba kung'ambika m'khosi chifukwa chochapidwa osavalidwa. Asananyamuke ankasiya mphika wa madzi pamafuwa, nkhuni zitayalidwa, kungotsala kuyatsa.

Tsiku lina Lamulungu ndinamutsatira, n'kukhala pamchenga chapatali. Sanandithamangitse. Ankamenya nsalu pamwala kangapo, n'kuima, maso ali kumunsi kumene mtsinje umakhota. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kumayenda pamwamba pa madzi ngati ikufuna powolokera. Tsidya linalo amayi a ku Malawi ankachapa zawo, mawu awo akufika kwa ife osamveka bwino, ngati anthu olankhula m'chipinda china. Pena thovu linkatuluka pansi pa mwala, la nkhanu kapena la masamba owola, ndipo ndinkaona msana wake ukuwongoka.

Ndinene zoona, nanenso ndinayamba kumuona mlamu wanga. Ndikamapala thabwa, maganizo ankanditsetserekera m'madzi. Ndinkamuona akuyenda pansi pa Zambezi monga anayendera m'nthochi zathu, akukweza mawondo, garafa ili kumsana. Ankadutsa mabwato akale omira, mchenga utadzaza m'mimba mwake. Mvuu zinkam'patukira ngati ng'ombe panjira. Pamwamba pake dzuwa linkaoneka ngati nyali ya m'nyumba ya eni, ndipo iye ankafika pamene Shire amathira, n'kuima pang'ono kulawa madzi, kuti adziwe amene akuchokera kwawo. Ndinkadzidzimuka nditapala thabwa mpaka kupyapyala. Nzeru zanga zinkadziwa kuti munthuyo anafa. Koma sindinkaona chifukwa chothamangira kukalanda mnzanga chinthu chimene chinkam'dzutsa m'mawa. Ndinkangopempha Mulungu kuti andionetse nthawi yake.

Nthawiyo inabwera ndi sekeretariyo wa mudzi wathu, munthu wamsinkhu wanga, amene tinavinidwa limodzi. Anandipeza kuntchito, nakhala pabokosi, n'kumasewera ndi zopalidwa za matabwa.

"Kamarada kalipentala, mayi akunyumba amayang'ana chiyani ku Malawi tsiku ndi tsiku?"

"Sayang'ana kutsidya. Amayang'ana m'madzi."

"Ine ndikudziwa, mbale wanga. Mudzi wonse ukudziwa. Koma amilisiya a pamalire ndi alendo. Akuti pali mayi amene amayanika nsalu pamwala, lero yofiira, mawa yoyera, ndipo akufunsa kuti akuuza ndani chiyani. Ndawabweza kawiri. Kachitatu sadzadzera kwa ine." Anaimirira, nasasa thalauza. "Musalole kuti nyumba imodzi ikhale ndi osowa awiri."

Madzulo ake ndinauza mkazi wanga zonse. Anamvetsera akusenda chinangwa, nati, "Ndiye akadzatuluka apeze palibe munthu?" M'mawa anasenzanso beseni.

Ndinaganiza masiku angapo. Kumuletsa sindikanatha, ndipo kum'tsutsa sindinkadziwa poyambira, poti garafa imeneyo ngakhale ine ndinali ndisanaionepo. Pomaliza ndinati, "Mayi, tiyeni tikaone pamene analowera. Munthu ukamudikira, ndi bwino kudziwa njira imene anadzera." Anavomera msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Sekeretariyo uja anatilembera chilolezo cha ulendo osafunsa zambiri.

Tinakwera lole ya tiyi mpaka ku Mokuba, kenako machimbombo. Mapiri anatsalira m'mbuyo limodzilimodzi, dziko n'kukhala lathyathyathya, lodzaza mitengo ya kokonati, kutentha kwake konyowa ngati nsalu yosauma. Mkazi wanga anali asanapitirirepo Mokuba. Chingwe chija anachimanga m'kapulana, chili pamiyendo ulendo wonse.

Mtsinje wa ku Kelimane sunali monga ndinkauonera m'maganizo. Unali wotakata, wamtundu wa tiyi wothira mkaka, woti ukaviika mkono chikhato sichioneka. Titafika m'mawa, madzi ankayenda chokwera, kuchoka kunyanja kulowa kumtunda, atanyamula makoko a kokonati ndi timitengo. Mkazi wanga anawayang'ana, nkhope yake n'kuwala.

"Mwaona, bambo? Akupita kwathu."

Munthu wamtali uja tinam'peza m'kashedi ka padoko akutsuka zovala zamphira. Atationa anaimirira, manja akudontha, osadziwa powaika. Mkazi wanga sanataye nthawi ndi malonje ambiri.

"Muuzeni andionetse garafa."

Inali yotuwa, yokandikakandika, yotalika ngati mwana woyamba kuyenda. Anayesa kuinyamula, nadabwa kulemera kwake. Anaigogoda ndi chala, naikapo khutu.

"Mpweya wake umatha liti?"

Munthuyo anayamba kufotokoza za kuya kwa madzi ndi kulemera kwa ntchito, ine ndikutanthauzira movutika. Mkazi wanga anatidula.

"Zimenezo sindikuzimva. Muuzeni andipatse ndipume ndekha, mpaka uthe."

Ndinachita manyazi kupempha, poti mpweyawo ankaupopa ndi makina ovuta, osowa mafuta. Koma munthuyo anangoyang'ana mkazi wanga, nasankha garafa yodzaza, naiika pamthunzi m'mphepete mwa doko. Analumikiza paipi, natsuka kamphira koika m'kamwa, namuonetsa kalumidwe kake. Mkazi wanga anakhala pansi, miyendo atatambasula monga amakhalira posankha nyemba, naluma kamphirako.

Sindidzaiwala phokoso lake. Akakoka mpweya, chitsulo chinkalira ngati mphepo yolowa pakhomo, akatulutsa, n'kukhala chete. Poyamba maso anali otong'oka, kenako anazolowera, natsinzina. Onyamula katundu ankadutsa ndi matumba, kuima pang'ono kuona mayi wakumapiri wa duku kumutu akuyamwa garafa ya olowa m'madzi, koma palibe anaseka. Mwina ankadziwa kuti ndi mlongo wa yani. Ine ndinakhala pambali pake ndi kolona wa mlamu wanga m'manja. Mbalame zoyera zinkatera pa zingwe za sitima n'kuulukanso. Ndinkadziwa kumene mkazi wanga anali. Anali pansi pa mtsinje, akuyenda, akuwerenga makhoti a njira yakwathu. Nanenso ndinatsinzina n'kutsagana naye. Tinadutsa pansi pa sitima, tinadutsa mizu ya mitengo ya m'matope, madzi akutikankha kumsana mofatsa.

Mthunzi wa kashedi unafupika mpaka unafika pa zala zake za kumapazi. Dzuwa lisanafike pamutu, kulira kwa chitsulo kunasintha. Ndinaona khosi lake likulimbika, akukoka ngati munthu woyamwa mzimbe wouma. Anakokanso, mapewa akukwera. Munthu wamtali uja anatambasula dzanja, koma mkazi wanga analikankha, nayesanso kamodzi. Kenako analavula kamphira kaja, napuma mpweya wa Mulungu mwaphuma, misozi yakutsamwa ili m'maso.

"Basi?" anatero. "Ndi womwewu?"

Munthuyo anayankha motsitsa, ndipo ndinatanthauzira monga ananenera. Anati pamtunda umakhalitsa chonchi. Pansi pa madzi, munthu akugwira ntchito, sufika ngakhale theka lake.

Mkazi wanga anayang'ana kumtunda kwa mtsinje, kumene mitengo ya kokonati inkathera m'chifunga cha kutentha. Madzi anali ataima. Tikuyang'ana choncho anayamba kubwerera, ndipo makoko aja amene m'mawa ankapita kwathu anadutsanso pamaso pathu, kulowera kunyanja.

"Sakanafika ngakhale pamitengo ija," anatero, ngati akudziuza yekha. "Wabodza iwe. Ndakhala ndikutereka madzi."

Kenako anatembenukira kwa munthu uja. "Mufunseni. Anamva kuwawa?"

Munthuyo anati sakudziwa, ndipo sakufuna kunama. Anati anakoka kamodzi, mlamu wanga anayankha. Patapita nthawi anakokanso, chingwe chinali gwa ngati chamangidwa kumtengo. Kenako chinapepuka. Anati kupepuka kumeneko kukadali m'manja mwake, ndipo chiyambire tsikulo akanyamula kanthu kalikonse amaona ngati kam'pulumuka. Anatambasula manjawo.

Mkazi wanga anawagwira onse awiri, nawatembenuza, naona zipsera za chingwe m'zikhato. Sanadikire kuti nditanthauzire. Anati m'Chinyanja, "Munagwira, achimwene. Ine ndikuona kuti munagwira." Atatero anakweza mawu nalira maliro, kulira kwa kwathu kotchula munthu ndi ubwana wake wonse, pomwepo padoko, pakati pa matumba a kokonati wouma. Onyamula katundu anavula zipewa.

Pobwerera, titayamba kuona Tumbine patali, mkazi wanga anati, "Mukadule nthochi ya kuseri ija, bambo. Pomwe anabisala paja."

Ndinadula ndekha thunthulo, lotalika ngati mwini wake, ndipo ndinakhoma bokosi ndi matabwa amene ndinkasungira chitseko. Amayi anakulunga thunthulo m'nsalu, naliveka limodzi la malaya aja. Tisanatseke, mkazi wanga anabweretsa chingwe cha ku Kelimane, nachizunguliza m'chiuno mwa thunthulo, namanga mfundo ija, yosathina koma yosamasuka. Zala zake sizinaiwale. Nsonga inayo anaitulutsa kunja, ndipo ndinasema kampata pachivundikiro kuti chingwe chidutse.

Kumanda akazi saima pamphepete pa dzenje, koma tsiku limenelo amalume anauza adzukulu kuti amusiye. Bokosi likutsika, iye ankamasula chingwe pang'onopang'ono, dzanja ndi dzanja, monga amachitira ogwira chingwe padoko. Litafika pansi, adzukulu anasolola zingwe zawo, chake chokha n'kutsala. Nkhungu inali itatsika mpaka m'minda ya tiyi. Anakoka kamodzi. Anadikira, mutu ataupendeketsa ngati womvetsera. Ndinaona kuti nanenso ndasiya kupuma. Anadikira nthawi yokwanira munthu kuyankha, n'kuwonjezerapo ina pang'ono. Kenako anatsegula dzanja, nsonga ija n'kugwera pabokosi.

"Fotserani," anatero.

Lamulungu lotsatira, pansi pa mtengo wa mango, ndinatchula dzina la mlamu wanga pakati pa amene anatisiya, ndipo mawu oyamba kuyankha anali a mkazi wanga, mutu wake wometedwa uli m'duku. Kumwala kuja sanapitenso. Ankachapa pachitsime, ndipo malaya anga anapuma. Mphika uja anauchotsa pamafuwa, madzi ake nathirira nthochi zazing'ono zimene zinkaphuka pachitsa.

Mtsinje wa Muloza uja tinadzauwoloka patapita zaka, nkhondo itatifika, katundu ali pamutu, ana ali m'manja. Tinadzera pafupi ndi mwala womwewo. Madzi anali ofika m'chiuno, ozizira, ndipo pakati pa mtsinje ndinamva dzanja lake likugwira malaya anga kumbuyo n'kukoka kamodzi. Manja anga onse anali ndi katundu, choncho ndinangoima pang'ono, n'kuweramira kutsogolo kuti nsaluyo ikokeke, amve. Anaseka chapansipansi, tinapitiriza kuwoloka.